Kodi kulipira IVF kuchipatala chapulayiveti kumachotsa mwayi wothandizidwa ndi NHS?

Mayi, mwafotokoza kuti muli ndi zaka 36, mumakhala ku England, ndipo inu ndi amuna anu munalipira nokha ulendo umodzi wa IVF (njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, kenako n'kuika mluza m'chiberekero) umene sunathandize, koma miluza iwiri idakali yosungidwa kuchipatalako. Funso lanu ndi lakuti kodi NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala, ingakuthandizenibe mwaulere.

Lamulo silimulanda munthu ufulu wothandizidwa ndi NHS chifukwa choti nthawi ina anadzilipirira kuchipatala, ndipo malangizo a unduna wa zaumoyo a chaka cha 2009 amanena zimenezi momveka. Komabe pa IVF zinthu zimasiyana, chifukwa ulendo umene munalipirawo umawerengedwa. Malangizo amene bungwe la NICE, lolangiza NHS pa za chithandizo, linatulutsa mu 2013 ananena kuti mayi wosakwana zaka 40, amene wayesa zaka ziwiri osatenga pathupi, apatsidwe maulendo atatu athunthu, koma ulendo uliwonse wathunthu umene unachitika kale, kaya analipira ndi iye mwini kaya ndi NHS, uchotsedwe pa atatuwo. Kwa mayi wa zaka 40 mpaka 42 malangizo omwewo analola ulendo umodzi wokha, pokhapokha ngati sanachitepo IVF n'kale lomwe.

Ulendo wathunthu umatanthauza kulandira mankhwala okhwimitsa mazira kamodzi, ndi kuika m'chiberekero miluza yonse imene yapezeka, yatsopano ndi yosungidwa yomwe. Choncho ulendo wanu woyamba sunathe, ndipo madera ambiri amafuna kuti miluza yosungidwa igwiritsidwe ntchito kaye asanavomereze kulipira ulendo wina.

Vuto lalikulu ndi lakuti amene amagawa ndalama si NICE. Kuyambira mu Julayi 2022 udindowu uli m'manja mwa mabungwe otchedwa Integrated Care Board, kapena kuti ICB, ndipo lililonse lili ndi ndondomeko yakeyake. Ambiri amapereka ulendo umodzi wokha, ena amachotsera maulendo olipira pa chiwerengero chawo chochepa kalecho, pamene ena amakana pokhapokha munthu akapyola chiwerengero china cha maulendo akale. Mabanja awiri a vuto lofanana angayankhidwe mosiyana chifukwa cha dera limene dokotala wawo wa GP (amene amayamba kumuona akadwala) ali, zimene ine ndimaona kuti si chilungamo, makamaka kwa anthu amene anasonkha ndalama movutikira chifukwa choopa kuti zaka zikupita. Ku Scotland ndondomeko ndi imodzi m'dziko lonse, ndipo imalola maulendo ofika atatu kwa oyenerera.

Pali nkhani ina imene simunaitchule koma imakhudza Amalawi ambiri. Kuyambira mu Ogasiti 2017, anthu okhala ku England pa viza ya nthawi yoikika, amene chithandizo chawo chimadalira Immigration Health Surcharge (ndalama ya zaumoyo yolipira pofunsira viza), salandira IVF mwaulere ngakhale atalipira ndalamayo mokwanira. Ngati mulibe chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale kapena unzika, yambani mwafufuza zimenezi, ndipo chipatala chidzafuna kudziwanso za mapepala a amuna anu.

Musanalipirenso kalikonse, pezani ndondomeko ya ICB ya dera lanu imene ikugwira ntchito panopa, ndipo muwerenge bwino gawo lonena za chithandizo chakale, komanso malire a zaka, kulemera kwa thupi, kusuta fodya ndi kukhala ndi mwana kale. Kenako lemberani chipatala chapulayiveti chija kupempha mafayilo anu onse. Malamulo oteteza zinsinsi za munthu amachipatsa mwezi umodzi kuti chiyankhe. Musabise ulendo wakalewo pamene GP akukutumizani kwa akatswiri, popeza chithandizo chilichonse chochitika m'zipatala zovomerezeka ku Britain chimalembedwa m'kaundula wa HFEA, bungwe loyang'anira zipatala za IVF, ndipo ngati munathandizidwapo kunja, monga ku South Africa, munenenso.

Akakukanani, pemphani zifukwa zake polemba. Dokotala wanu angapereke pempho lapadera loti ICB ikulipirireni, lotchedwa Individual Funding Request, koma liyenera kuonetsa kuti matenda anu ndi osiyana kwenikweni ndi a anthu ena, osati kungofotokoza chisoni kapena ndalama zimene mwawononga. Dandaulo ku ICB liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12, ndipo mukapanda kukhutira mungapite kwa Parliamentary and Health Service Ombudsman, ofesi yofufuza madandaulo okhudza NHS. Njira yakukhothi yotchedwa judicial review ili ndi nthawi yochepa kwambiri, chifukwa mlandu uyenera kulowa mwamsanga ndithu, miyezi itatu isanathe chigamulo chiperekedwere, ndipo kudandaula ku ICB sikuimitsa nthawiyi. Pa mlandu wa Rose ndi Thanet Clinical Commissioning Group (limodzi la mabungwe amene ankagawa ndalama ICB zisanabwere) mu 2014, khothi lalikulu linagamula kuti bungwe logawa ndalama silingapatuke pa malangizo a NICE pongoti silikugwirizana nawo, koma lipereke zifukwa zomveka. Ngati kalata yokukanani ilibe zifukwa zotero, muipereke kwa loya wodziwa malamulo oyendetsera mabungwe a boma sabata yomweyo.