Funsani Mlangizi: Shiti yachitsulo ndingaisunthe bwanji ndili ndekha?

Alangizi,

Ndine wowotcherera ndipo ndili ndi kashedi kanga ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, komwe ndimapanga mageti, zitseko zachitsulo ndi mbaula, ndipo nthawi zina ndimalandirako ntchito ya matanki. Mnyamata amene ndinkagwira naye ntchito anapita ku Johannesburg, ndipo ndalama yolembera wina sindinaipeze. Vuto langa ndi mashiti achitsulo. Opyapyala ndimatha kuwakoka ndekha, koma a mamilimita 3 amandigonjetsa, moti mwezi wathawu shiti ina inandipulumuka n'kugwera pafupi ndi phazi langa. Kuyambira tsiku limenelo msana umandiwawa m'mawa uliwonse. Kodi pali njira yoti munthu mmodzi azisuntha zitsulo zoterezi popanda kugula makina okwera mtengo?

Wowerenga wa ku Mchesi, Lilongwe

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Njira ilipo, koma tiyambe ndi masamu, pakuti owotcherera ambiri amaloweza mtengo wa shiti koma kulemera kwake sakudziwa. Chitsulo cha mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, chochindikala milimita imodzi, chimalemera makilogalamu 7.85. Shiti imene mumagula kuhadiweya ndi ya mamita pafupifupi 2.4 mulitali ndi 1.2 mulifupi, choncho milimita iliyonse ya kuchindikala kwake imabweretsa makilogalamu pafupifupi 23. Ya mamilimita 1.2 imalemera makilogalamu 28, ya mamilimita 2 imafika 47, ya mamilimita 3 imene yakuvutaniyo ndi 70, pamene ya mamilimita 6 ndi makilogalamu 140.

Bungwe la NIOSH, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito ku America, limaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu amene munthu anganyamule zinthu zonse zili bwino, ndipo bungwe la HSE, logwira ntchito yomweyo ku Britain, limatchula makilogalamu 25 kwa mwamuna amene wagwira katundu cha m'chiuno, pafupi ndi thupi. Apa mukuona kuti ngakhale shiti imene mukuitcha yopyapyala yapitirira kale malirewo. Mwina munena kuti thumba la feteleza la makilogalamu 50 mumalisenza osadandaula, koma thumba limakhala lofewa, limatsamira pathupi, ndipo likagwa limangoti phi pansi. Shiti imakutambasulani manja, imapindika mukaikweza, imakutsekerezani maso kuti musaone popondapo, ndipo m'mbali mwake monse ndi mokuthwa.

Yankho langa tsono ndi lakuti shiti yathunthu musamainyamule konse. Muziidula, muziikhwekhwereza, muziigudubuza pa mapaipi kapena muziiyendetsa pa ngolo, koma kulemera kwake konse kusamakhale m'manja mwanu.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kudula. Shiti ya geti kapena ya chitseko imadulidwa ndithu isanawotchereredwe, ndiye palibe chifukwa choivutikira ili yathunthu. Pitani kogula ndi miyezo yanu italembedwa, ndipo ngati ogulitsawo ali ndi makina odulira, apempheni akudulireni pomwepo ngakhale kuti awonjezerapo kandalama. Ngati alibe, iduleni ndi gulayinda pamalo pomwe yatsitsidwira, mutaika matabwa pansi pake mbali zonse ziwiri za mzere wodulapo, kuti chitsulo chisagwere mkati n'kupana disiki, chifukwa disiki ikapanidwa gulayinda imadumphira kwa mwini wake.

Nthawi yotsitsa katundu ndi pamene ambiri amadzipangira okha ntchito yaikulu. Galimoto ikafika, oyendetsa amakhala pa changu, ndipo shiti imangoponyedwa pansi chathyathyathya. Ikagona choncho padothi kapena pasimenti, ngakhale zala sizilowa pansi pake, ndipo kuti muidzutse muyenera kuwerama mpaka pansi n'kukweza theka la kulemera kwake ndi msana wopindika, kutanthauza makilogalamu 35 pa shiti ya mamilimita 3. Konzani tebulo kapena miyendo iwiri yachitsulo yotalika mofanana ndi kumbuyo kwa galimoto, galimotoyo ibwerere chafutambuyo mpaka ifike pafupi, kenako shiti ingotsetsereka kuchoka pamenepo kupita patebulo. Ngati palibe kuchitira mwina koma kuiika pansi, yalani kaye matabwa awiri kapena atatu kuti pansi pake patsale mpata wolowetsa ndodo yachitsulo yotukulira.

Shiti yogona imayenda bwino pa mapaipi. Tengani atatu kapena anayi okula mofanana, mutukule mbali imodzi ndi ndodo ija n'kulowetsa paipi yoyamba, ndipo pamene mukukankha muzitenga paipi imene yatsalira kumbuyo n'kuiika kutsogolo. Popeza mashedi ambiri pansi pake ndi dothi, yalani matabwa kapena angle iron ziwiri kuti mapaipiwo ayende pamenepo. Muzikankha muli kumbuyo, osakoka muli kutsogolo, ndipo pamalo otsetsereka njira imeneyi musaiyese muli nokha.

Popeza ndinu mmisiri wa zitsulo, chida chimene chingakuthandizeni kwa zaka zambiri mungathe kuchipanga nokha ndi zidutswa zotsala. Pangani ngolo ya matayala anayi yokhala ndi chimango chooneka ngati chilembo A, pansi pake potakata bwino kuti isagudubuzike, ndi kampata kotsika kwambiri kokhazikamo m'mphepete mwa shiti. Shiti iziima chambali, kutalika kwake kopita m'mwamba kukhale mamita 1.2 osati 2.4, itsamire pang'ono pachimangocho, ndipo muziimanga ndi lamba musanayambe kuyenda. Matayala akhale aakulu, chifukwa timatayala tating'ono timaima pa kamwala kalikonse, ndipo ngolo ikaima mwadzidzidzi katundu wake amafuna kupitirira.

Tsopano ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kuposa msana, chomwe ndi kasungidwe ka mashiti. M'mashedi ambiri mumapeza mashiti angapo atatsamiritsidwa pakhoma, ndipo mwini wake akafuna imene ili kumbuyo amayamba kupendeketsa ya kutsogolo imodziimodzi, n'kumaitsamiritsa pachifuwa kapena pantchafu pake. Chimene chimanyenga ndi chakuti shiti yoima pafupifupi chilili imapepuka kwambiri. Ya makilogalamu 70 ikapendekeka madigiri 10, dzanja lanu limamva makilogalamu pafupifupi 6 okha, moti mumaganiza kuti muli nayo mphamvu. Ikafika madigiri 30, kulemerako kumafika pafupifupi 20. Tsono ngati mwatsamiritsa zisanu pathupi panu, phazi n'kuterereka pang'ono, mumapezeka mukukankhana ndi makilogalamu pafupifupi 100 amene akuwonjezeka mukamabwerera m'mbuyo, ndipo zikamaliza kugwa, makilogalamu onse 350 amathera pamiyendo yanu muli nokha, popanda wokuchotsani.

Mankhwala ake ndi kupanga choimikamo mashiti chokhala ndi mizati yolimba yozikidwa m'simenti, yogawa malowo m'timipata, kuti mashiti ochindikala mofanana azikhala m'kampata kawokawo. Mukafuna imodzi mumaisolola cha kumapeto, mutaika kapaipi pansi kuti iziyenda mosavuta, ndipo palibe ina imene imakutsamirani. Nthawi zonse muziima kumapeto kwa shiti, osati kumaso kwake, ndipo musanaigwire yang'anani kaye kumene mungathawire, muchotse zingwe za makina owotcherera ndi zidutswa zimene zingakupunthwitseni. Shiti ikayamba kugwa, isiyeni igwe. Munachita mwayi kuti yanu inakupulumukani, chifukwa anthu ambiri amavulala pamene akuyesa kuiwakha. Kumbukiraninso kuti mashedi a m'matauni mwathu muno ali m'mbali mwa njira, momwe ana amasewera, choncho mulu wa mashiti usamasiyidwe wosamanga ndi tcheni ngakhale mwangopita kukagula nsima.

Mphepo nayo musaipeputse. Shiti yathunthu ndi yotakata pafupifupi masikweya mita atatu, ndipo mwera wa mu June ndi July kapena kavuluvulu wa mu September ndi October akaiomba ili chilili, amaitembenuza pamodzi ndi munthu amene waigwira. Pa tsiku la mphepo, ntchito yosuntha mashiti ichitike m'mamawa kukadali bata, nthawi imenenso dzuwa lisanatenthetse chitsulo.

Ngati ntchito ya matanki ikuchuluka ndipo mwayamba kugula za mamilimita 6, pamenepo pafunika chain block, chida chokwezera katundu m'mwamba pokoka tcheni, ndipo ya tani imodzi ndi yokwanira. Chofunika kusamala ndi pamene mwaikoleka. Mitengo ya denga kapena timachubu topyapyala tonyamula malata sizinapangidwire katundu wotere, choncho pangani chimango chakechake cha chitsulo chochindikala, ndipo muchiyese ndi katundu wokwezedwa pang'ono chabe musanachikhulupirire. Chogwirira shiti chikhale plate clamp yeniyeni, imene mano ake amaluma kwambiri katundu akamalemera, ndipo izigwira shiti imodzi yokha, yopukutidwa mafuta. G-clamp kapena vice grip sizinapangidwire kunyamula, ndipo zimapulumuka popanda chenjezo. Chingwe cha nsalu kapena cha nayiloni chimaduka chikakhudza m'mphepete mokuthwa, pokhapokha mutaikapo chidutswa cha tayala. Maginito onyamulira ndi abwino pa chitsulo chochindikala, koma nambala yolembedwa pa iwo siigwira ntchito pa shiti yopyapyala, ya dzimbiri kapena ya penti, ndipo oyendera magetsi amataya katundu magetsi akangozima. Katundu akakhala m'malere, phazi, dzanja kapena mutu wanu zisapezeke pansi pake.

Za magolovesi achikopa ndi nsapato zokhala ndi chitsulo kutsogolo sinditaya nthawi, mukuzidziwa. Ndingoti wowotcherera wovala patapata amandimvetsa chisoni, ndipo bala lililonse lakuya limene chitsulo chakuchekani nalo lipite kuchipatala kuti akaone ngati mukufunika katemera wa kafumbata.

Ndikuuzeni mosabisa kuti pali kanthawi kamodzi kamene zida zosavutazi sizikwanira, ndiko kudzutsa shiti yathunthu ya mamilimita 3 kapena kuposerapo kuti iime, kapena kuigoneka kuchokera choima. Pamenepo itanani munthu. Gwirizanani ndi a shedi yoyandikana nanu kuti muzithandizana, kapena sonkhanitsani ntchito yonse yosuntha zitsulo pa nthawi imodzi n'kulipira waganyu. Mukakhala awiri, mmodzi ndiye aziwerenga kuti mukweze ndi kutsitsa pamodzi, ndipo musaganize kuti anthu awiri amanyamula kawiri katundu wa munthu mmodzi, chifukwa mmodzi akapunthwa kulemera konse kumathamangira kwa mnzake.

Msana umene wakhala ukuwawa kwa mwezi wathunthu ukufunika kuonedwa ndi dokotala, osati kumangouziziritsa ndi mapiritsi a pagolosale. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo, phazi likuchita dzanzi kapena kufooka, pitani msanga. Ngati mwayamba kuvutika kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha, kapena pakati pa miyendo pachita dzanzi, pitani tsiku lomwelo ngakhale usiku, pakuti zimenezo zimasonyeza kuti mitsempha ya msana yapanikizika ndipo kuchedwa kungasiye chilema. Muwauzenso adokotala ngati mwaona chotupa m'mphechepeche chimene chimakula mukatsokomola kapena mukanyamula katundu.

Alangizi,

Ndikuphunzira kuwotcherera ku Ndirande, ndipo abwana anga amamanga lamba wamkulu wachikopa m'chiuno akamanyamula zitsulo. Amati lambayo amateteza msana ndipo nanenso ndigule wanga. Kodi n'zoona?

Wophunzira ntchito, Blantyre

Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, achimwene. Bungwe la NIOSH lomwe ndalitchula pamwambapa linaunika nkhaniyi mu 1994 ndipo linapeza kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti malamba otere amateteza antchito kuvulala msana. Lamba samachepetsa kulemera kwa chitsulo, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu akammanga amadziona wamphamvu, n'kuyamba kunyamula zimene akanaziopa. Ngati dokotala walamula munthu wovulala kuti avale lamba kwa kanthawi, imeneyo ndi nkhani ina. Abwana anu musakawatsutse pagulu, koma ndalama imene mukanagulira lambayo mugulire magolovesi achikopa, ndipo tsiku limene ntchito yachepa muwapemphe akupatseni zidutswa za angle iron kuti muphunzirirepo kuwotcherera popanga ngolo imene ndafotokoza, yomwe idzathandiza inu ndi iwo omwe.