Alamu, za mamyuziyamu mumafunsa zija

Alamu, mwaswera bwanji, ndi ana kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, woti pa ulendo wa ku London, Paris ndi Amsterdam uja mukufuna kulowa m'mamyuziyamu a zojambula, a sayansi ndi a zachikhalidwe, ndiye mukufunsa poyambira. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungatalike.

Musanagule tikiti ya sitima, yambani mwatenga kalendala, chifukwa malowa masiku awo otseka ndi osiyana. Ku Paris, Louvre amatseka Lachiwiri. Musée d'Orsay, tsidya lina la mtsinje wa Seine, amatseka Lolemba, chimodzimodzinso quai Branly, myuziyamu ya zachikhalidwe. Ndiye ngati ku Paris mukakhalako masiku awiri amenewa, Lolemba pitani ku Louvre, Lachiwiri ku Orsay. Mukasemphanitsa basi, masiku onse awiri mukabwerera pakhomo. Centre Pompidou musaiwerengere n'komwe, anatseka mu 2025 kuti akonze nyumbayo, ndipo ndi ntchito ya zaka. Ku London, British Museum, Natural History Museum ndi Science Museum amatsegula sabata yonse kupatula pa Khirisimasi, ndipo Rijksmuseum ya ku Amsterdam imatsegula chaka chonse. Choncho Lolemba ndi Lachiwiri ndi bwino zikupezeni ku London kapena ku Amsterdam.

Paja London sili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya olowa ndi visa imodzi, visa yake ndi yapayokha, ndipo pokwera sitima ya Eurostar pasipoti amaona musanalowe m'sitima, ndiye mumafika msanga. London kukafika Paris ndi maola awiri ndi mphindi zingapo, Paris kukafika Amsterdam ndi atatu ndi mphindi zingapo. Tsiku la ulendo musasungitse malo ku myuziyamu, kapena musungitse a madzulo mutasiya katundu kogona. Ku Louvre chikwama choposa masentimita 55 ndi 35 ndi 20 sichilowa, ku British Museum sutikesi ya matayala amaikana.

Tsopano matikiti, apa mumvetsere. Malo ambiri tikiti imakhala ndi ola lake lolowera. Ku Amsterdam, ku Van Gogh Museum ndi ku Anne Frank House, nyumba imene mtsikana wachiyuda Anne Frank anabisalamo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakhomo sagulitsa, ndi pa intaneti pokha. A Anne Frank House amatulutsa matikiti Lachiwiri lililonse a milungu isanu ndi umodzi kutsogolo, ndipo sachedwa kutha, ndiye amenewo ndi oyamba kugula, zinazo muzipanga mozungulira tsiku limenelo. Gulani pa webusaiti ya eni myuziyamu. Mukafufuza pa Google, oyamba kubwera pamwamba nthawi zambiri amakhala ogulitsa pikulitsa, mtengo wokwera, ndipo china chikavuta a myuziyamu sakuthandizani. Mukagula, jambulani QR code ija pa foni, chifukwa polowera ku Louvre ndi pansi pa nthaka, netiweki ikhoza kukuthawani mzere uli kumbuyo kwanu. Ana osakwana zaka 18 ku Louvre, Orsay ndi Van Gogh salipira, koma asungitsireni malo ndithu, ndipo mapasipoti awo akhale pafupi oonetsa zaka. Ku London malo ndatchula aja kulowa ndi ulere, kupatula zionetsero zapadera, komabe kusungitsa ola kumachepetsa kudikira.

Pali Paris Museum Pass, tikiti imodzi yolowera m'mamyuziyamu ambiri a ku Paris, ya maola 48, 96 kapena 144. Maolawo amayamba kuwerengedwa mukangolowa malo oyamba, ndipo saima, usiku omwe akutha.  Komanso ngakhale muli nayo, ku Louvre ola mumasungitsabe. Ine ndinganene kuti ngati mukulowa malo amodzi patsiku, werengani kaye, mwina siikupindulirani.

Ndipo malo amodzi aakulu patsiku ndiye muyeso wabwino, makamaka ndi ana. Kuyenda pang'onopang'ono n'kumaimaima pa simenti kumatopetsa msana kuposa kuyenda ndawala, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu maso amangodutsa osaona kanthu. Louvre yokha ili ndi zinthu pafupifupi 35,000 zoonetsedwa. Mukati muone zonse, mukhala ngati munthu wotunga madzi ndi dengu. Usiku wake sankhani zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mulembe mbali ya nyumba ndi nambala ya chipinda. Mbali zake ndi zitatu, Denon, Sully ndi Richelieu. Mona Lisa ali ku Denon, chipinda 711. Ndikuuziranitu, ndi kachithunzi kakang'ono, masentimita 77 ndi 53, kuseri kwa galasi, kutsogolo kuli khamu la anthu mafoni m'mwamba. Mukamuona, tembenukani. Kumbuyo kwanu kuli chithunzi cha ukwati wa ku Kana cha Veronese, cha mu 1563, pafupifupi mamita 10 m'litali mwake, chachikulu kuposa zonse m'nyumbamo. Oimba ali pakati, agalu ali pansi, wantchito akutsanula vinyo mumtsuko chakumanja, ndipo anthu ambiri amachifulatira. Ana auzeni awerenge agaluwo, mupezako mphindi khumi zopuma. Ku Orsay, imene kale inali siteshoni ya sitima ya mu 1900, yambani kumtunda kwenikweni kumene kuli zojambula za Monet ndi Renoir, anthu asanadzaze, muzitsika pambuyo.

Za sayansi ku London n'zosavuta, Natural History ndi Science Museum zayandikana mu Exhibition Road, kutsika pa siteshoni ya South Kensington. Ku Natural History mukangolowa m'holo yaikulu, mafupa a namgumi a mamita 25 akulendewera kudenga. Ku Science Museum kuli kachombo ka Apollo 10 kamene kanazungulira mwezi mu 1969, ana aone mmene kanawaukira pobwerera m'mlengalenga mwa dziko. Ku Amsterdam kuli NEMO, nyumba yobiriwira pafupi ndi siteshoni ya Centraal, kumeneko ana amaloledwa kugwira ndi kuyesa zinthu. Ikani tsiku lotere pakati pa masiku a zojambula, chifukwa mwana sangapirire mawu oti usagwire masiku atatu otsatizana.

Za chikhalidwe, ku British Museum zinthu za ku Africa zili pansi, chipinda 25, anthu ambiri amatuluka osadziwa kuti chilipo. Muli zosula za mkuwa za ufumu wa Benin, ku Nigeria ya lero, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897. Pamenepo musamangoona kukongola, werengani kachikwangwani kam'mbali mpaka mzere womaliza, pamene amalemba chaka ndi mmene chinthucho chinafikira m'nyumbamo. Chigoba kapena ng'oma ili m'galasiyo inali ndi eni ake ndi ntchito yake, ndipo nkhani yoti zibwezedwe kwawo ikukambidwabe. Sitima ya ku Amsterdam imadutsa Brussels, ndiye ngati tsiku lilipo, tram 44 imakufikitsani ku AfricaMuseum ya ku Tervuren, yoyambira nthawi ya mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene anaitsegulanso mu 2018 atasintha kafotokozedwe ka nkhani ya Congo.

Zam'kati mwachidule. Flash zimitsani, ndipo mukapeza chipinda cha mdima musadabwe, mapepala ndi nsalu amaziika pa kuwala kochepa chifukwa kuwala kumafufutsa utoto, ndipo ukafufuka subwerera. Kugwira ayi, thukuta ndi mafuta a m'manja zimadya mwala ndi chitsulo. Chikwama cha kumsana chikhale kutsogolo kapena mu loka, potembenuka chimagunda zinthu. Tengani juzi, m'zipindamo mumazizirira dala.

Ola lotsekera lisakunyengeni, ku Louvre amayamba kutulutsa anthu m'zipinda kutatsala mphindi 30. Ngati khamu simulifuna, kumeneko Lachitatu ndi Lachisanu amatseka 9 koloko usiku, British Museum Lachisanu hafu pasiti 8. Ndipo usiku uliwonse onaninso webusaiti ya kumene mukupita mawa, ku Paris antchito akanyanyala ntchito amachedwa kutsegula kapena amatseka zipinda zina. Nditumizireni masiku anu enieni pagulu pompano, tiwayale limodzi, tiyambire tikiti ya Anne Frank ija.