Yambani ndi buku la chakudya, enawo abwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa mabuku ofotokoza zenizeni pa nkhani ya kukondera kwa atolankhani, chakudya chosavulaza anthu, chilankhulo ndi chibadwa cha munthu, komanso loti muyambire. Ine ndikuti yambani ndi la chakudya, chifukwa nkhani ya kukondera kwa atolankhani mukaipezanso momwemo.

Bukulo ndi The Poison Squad la Deborah Blum, lomwe linatuluka mu 2018. Limasimba za Harvey Wiley, mkulu woyeza mankhwala ku unduna wa zaulimi ku America. Masiku amenewo amalonda ankathira formaldehyde, mankhwala okonzera mitembo, mumkaka kuti usasase msanga, ndipo nyama ankaithira borax kuti ikhalitse. Mu 1902 Wiley anasonkhanitsa anyamata ogwira ntchito m'boma amene anadzipereka okha, n'kumawadyetsa dala chakudya chothira mankhwalawo, uku akuwayeza thupi, mkodzo ndi chimbudzi. Ambiri anayamba kumva mutu, m'mimba ndi nseru. Umboni unali poyera, koma lamulo loteteza chakudya linadzadutsa mu 1906, anthu atapsa mtima ndi zimene Upton Sinclair analemba za uve wa m'malo ophera ziweto ku Chicago. Chimene chimandipweteka n'chakuti nyuzipepala zambiri zinkadya ndalama zotsatsa mankhwala achinyengo, ndiye zinkangoti zii. Mukamawerenga muzikumbukira chuku cha mumtedza ndi m'chimanga chathu chino. Poizoni wake, aflatoxin, satha ndi kuphika, amawononga chiwindi, ndipo ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125 omwe anadya chimanga chosauma bwino.

Mukatero mutenge Manufacturing Consent la Edward Herman ndi Noam Chomsky, la 1988. Iwo sakunena kuti mtolankhani amadzuka m'mawa n'cholinga chonama ayi. Akuti nkhani isanafike kwa inu imasefedwa kasanu: mwini nyuzipepala ndani, otsatsa malonda akufuna chiyani, mtolankhani amadalira akuluakulu ati kuti amuuze nkhani, akaulula adzamukalipira ndani, komanso mdani amene dziko lagwirizana kudana naye ndani. Chitsanzo chawo chimodzi sichichoka m'mutu. Wansembe wa ku Poland, Jerzy Popiełuszko, ataphedwa ndi apolisi a boma lachikomyunizimu mu 1984, nyuzipepala zikuluzikulu za ku America zinamulira kwambiri kuposa mmene zinalirira ansembe, masisitere ndi atumiki ena 100 ophedwa ku Latin America, m'mayiko amene maboma ake anali abwenzi a America. M'gululo munalinso Arkibishopu Oscar Romero, yemwe anawomberedwa akuchita Misa ku El Salvador mu 1980.

Ife zamwini nyuzipepala tikuzidziwa. Nthawi ya Kamuzu, Daily Times ndi Malawi News zinali za kampani yake, wayilesi n'kukhala MBC yokha. Bukuli likuonetsa kuti kusefako kumachitikanso kopanda wowopseza ndi ndende. Chonde musachite zimene ena amachita, kutseka buku n'kumati nkhani zonse n'zabodza. Herman ndi Chomsky anachita kuwerenga nkhani imodziimodzi n'kuyeza kutalika kwake asanaweruze. Dziwaninso kuti linalembedwa Facebook ndi WhatsApp kulibe, choncho za mphekesera za m'mafoni silikuthandizani kwenikweni.

Pa chilankhulo ndi chibadwa, Steven Pinker ali ndi The Language Instinct la 1994 ndi The Blank Slate la 2002. M'loyambalo muli nkhani yokoma ya ana osamva a ku Managua, ku Nicaragua, amene atasonkhanitsidwa pasukulu anadzipangira okha chilankhulo chamanja chokhala ndi malamulo ake. Pinker amalemba mokoma zedi, koma amakonda kuyankhula ngati mlandu unagamulidwa kale. N'chifukwa chake muwerengenso Don't Sleep, There Are Snakes la Daniel Everett, la 2008. Iyeyu anakhala zaka zambiri ndi mtundu wa Pirahã ku Amazon ku Brazil, ndipo amatsutsa zoti zilankhulo zonse zimaumbidwa pa malamulo amodzi obadwa nawo.

Onsewa ali m'Chingerezi, ndipo lolimba kwambiri ndi la Herman ndi Chomsky. Likakutopetsani, werengani mitu iwiri yoyambirira yokha, poti kusefa kuja ndi nkhani ya ansembe ija zili mmenemo.