Akuti ndi nthabwala chabe, koma ine zikundiwawa

Azakhali,
Ndine mtsikana wa zaka 29, kwathu ndi ku Rumphi, ndimagwira ntchito ya akaunti pa kampani ina kuno ku Lilongwe. Palibe amene ananditukwanapo, koma timawu take eee. Pa miting'i ndimakhala mkazi ndekha, ndiye alendo akangofika maso onse kwa ine, "achemwali tatiwonerani tiyi", chonsecho pali anyamata awiri oti ntchito ndinawaphunzitsa ndine. Tsiku lina abwana anati Chichewa changa n'chabwino, sindimveka ngati Mtumbuka, anthu n'kuseka. Ndikamayankhula pa foni ndi amayi m'Chitumbuka wina amati "mwayamba kutijeda eti". Nditadandaula anati ndine wosachedwa kupsa mtima. Kodi ndikukulitsa nkhani?
Wotopa, Lilongwe

Mwana wanga,
Sukukulitsa nkhani ayi. Zimenezi zili ndi dzina, m'Chingerezi amati microaggression, mawu amene anayambitsa ndi Chester Pierce, dokotala wa matenda a maganizo ku yunivesite ya Harvard, mu 1970. Iye ankanena za timanyozo tatsiku ndi tsiku timene anthu akuda a ku America ankalandira kwa azungu, toti kamodzi kokha ukakanene anthu akuseka, koma tikachulukana munthu umayamba kudana ndi Lolemba. Kuno kwathu timatulukira pa mtundu, pa ukazi, pa chipembedzo, pa ulumali, nthawi zina pa kusakwatiwa kumene.

Za Chichewa chakozo ndi zimene zandikhudza kwambiri, chifukwa abwanawo mwina mumtima mwawo ankaganiza kuti akukuyamikira, koma tamvetsera bwino, akunena kuti kumveka ngati Mtumbuka ndi chilema chimene iwe wachira. Ndipo nkhani ya chiyankhulo si ya lero, mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka chinadzabwerera mu 1994, ndiye munthu wa ku Rumphi akamva mawu oterowo akumva ndi za makolo ake zomwe. Amene amati ndi nthabwala, mufunse kuti nanga bwanji akuseka ndi iwo okha.

Ine njira imene ndimaikonda ndi kufunsa pompo, mwaulemu, nkhope yosakwinya. "Bwana, Mtumbuka amamveka bwanji?" Ukatero ukhale chete, usathandize kuseka. Ambiri amachita chibwibwi pamenepo chifukwa kufotokoza kwake n'kochititsa manyazi. Koma uwone kaye nyengo, abwana ena ukawafunsa pagulu amakusungira chakukhosi, oterowo apeze ali okha muofesi uwauze kuti mawu aja anakukhudza, unene za mawuwo, osawatcha atsankho, apo ayi mukanganira dzinalo nkhani yeniyeni n'kuiwalika.

Za tiyi musakangane n'komwe. Miting'i isanayambe nena kuti tizisinthana, lero Uje mawa Uje, ndi maminitsi omwe, poti amenewonso amakonda kugwera akazi. Ngati pali mmodzi mwa anyamatawo amene mumamvana, mupemphe kuti tsiku lina adzuke yekha akatenge fulasiki asanakutchule. Mawu omwewo akachoka pakamwa pa mwamuna anthu amawamva msanga, zimandinyansa koma ndi mmene zilili.

Kuyambira lero uzilemba. Tsiku, amene ananena, mawu ake enieni, amene analipo, mukabuku kako kapena pa foni yako, osati pa kompyuta ya kampani. Zikakhala za pa gulu la WhatsApp jambula. Ukapita ku HR, ofesi yoona za antchito pa kampani, ndi nkhani imodzi ya tiyi akuuza kuti ungopirira, koma ukapita ndi masamba awiri a miyezi itatu sangakuuzenso kuti ndiwe wosachedwa kupsa mtima.

Lamulo liliponso. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho, ndipo Employment Act ya 2000 pa gawo 5 imaletsa kusala wantchito chifukwa cha mtundu, chiyankhulo, chipembedzo kapena poti ndi mkazi. Timawu tikayamba kukhudza thupi lako kapena za kuchipinda, imeneyo ndi nkhani ya Gender Equality Act ya 2013, lamulo loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi. Sindikunamiza, nthabwala imodzi yokha n'kovuta kupita nayo kukhoti, koma ukadzaona kuti anyamata unawaphunzitsa aja akukwezedwa iwe uli pomwepo, kapena malipiro akusiyana pa ntchito yofanana, tenga kabuku kako upite ku ofesi ya leba, zikakanika kumeneko kuli Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pa ntchito.

Ndipo amayi akaimba foni uziwayankha m'Chitumbuka momwemo, usachite kuthawira panja.
Azakhali