Kufunafuna sewero la Oshin pa intaneti

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo yofunsa kumene angaonere Oshin, sewero la pa wailesi ya kanema la ku Japan, chifukwa wafufuza pa Netflix ndi pa YouTube koma akungopeza tizidutswa.

Amayi, vuto silili pa kafufuzidwe kanu ayi, koma pa umwini wa sewerolo. Oshin analembedwa ndi Sugako Hashida, ndipo wailesi ya kanema ya ku Japan ya NHK inamuonetsa m'mawa kuyambira Epulo 1983 mpaka Malichi 1984, m'zigawo 297 za mphindi 15 chilichonse. Ndi nkhani ya mtsikana wa ku Yamagata, chigawo china cha Japan, amene makolo ake anamupereka kukagwira ntchito yolera mwana ali ndi zaka 7, posinthanitsa ndi thumba la mpunga. Pa nthawiyo mapangano ndi ochita sewero komanso oimba ankangonena za kuulutsa pa wailesi, choncho kuti sewero lotere liikidwe pa intaneti kunja kwa Japan, pamafunika kupemphanso chilolezo kwa eni ake onsewo, ndipo makampani ambiri amaona kuti ndalama zake sizingabwerere.

NHK imasunga mapulogalamu ake akale pa NHK On Demand, koma tsambali, monganso masamba ena oonetsa makanema a TVer ndi U-NEXT, linakonzedwera anthu amene ali m'dziko la Japan, ndipo zonse zili m'Chijapanizi. Ena amadutsira pa VPN, njira yochititsa kuti aoneke ngati ali m'dziko lina pa intaneti, koma ine sindilimbikitsa zimenezo, chifukwa mukhoza kuwononga ndalama n'kukakanidwabe pa nthawi yolipira.

Yambani ndi tsamba la JustWatch, limene limasonyeza kumene mungaonere makanema pa intaneti, musankhe South Africa monga dziko lanu, kuti muone ngati pali kampani imene ili ndi chilolezo kumeneko. Kenako koperani dzina la sewerolo m'zilembo za Chijapanizi kuchokera pa Wikipedia n'kufufuzira limenelo, pakuti masitolo a ku Japan nthawi zambiri salemba mayina m'zilembo zathuzi.

Njira imene ndimaidalira kwambiri ndi ya ma DVD, ngakhale ena amaiona ngati yachikale. Ma DVD ambiri amaseweredwa pa makina a m'chigawo chawo chokha cha dziko lapansi, koma inu muli ndi mwayi chifukwa Japan ndi South Africa ali m'chigawo chimodzi cha ma DVD, cha nambala 2, pamene Malawi ali m'cha nambala 5. Musanalipire, funsani wogulitsayo akujambulireni kuseri kwa bokosi, muone ngati palembedwa kuti muli mawu omasulira a Chingerezi, chifukwa ma DVD ambiri ogulitsidwa ku Japan alibe.