Kodi mawu akuti "mama" anachokera kuti?

Wowerenga wina wandilembera kalata yofunsa kuti: "Mnzanga wa ku China amaitana mayi ake kuti mama, monga momwe ana athu amachitira. Kodi ndani anabwereka kwa mnzake, nanga katchulidwe koyenera ndi kati?"

Inu amene mwafunsa, dziwani kuti palibe amene anabwereka. Mawuwa alipo m'Chiswahili, m'Chirasha, m'Chimandarini cha ku China ndiponso m'chinenero cha Quechua cha ku Peru, koma zinenero zimenezi zilibe chibale chilichonse chodziwika.

Mu 1959, katswiri wa chikhalidwe cha anthu George Murdock anasonkhanitsa mawu 1,072 otchulira makolo m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti ambiri otchulira mayi ali ndi "ma" kapena "na", pamene otchulira bambo amakonda "pa" kapena "ta". Chaka chotsatira, katswiri wa zinenero Roman Jakobson anafotokoza chifukwa chake. Khanda likayamba kuseweretsa pakamwa, chimene sichilivuta ndi kutseka milomo kenako n'kuyasamula, ndipo zikatero pamatuluka "ma", "ba" kapena "pa". Iye anawonjezera kuti mwana akamayamwa milomo imakhala yomata pabere, choncho kaphokoso kake kamadzera m'mphuno n'kumamveka ngati "mmm". Khandalo silikhala likuitana munthu ayi, koma akuluakulu, pofunitsitsa kumva kuti mwana wawadziwa, ndi amene amalipatsa tanthauzo phokosolo.

Ena amati mawuwa ndi otsalira a chinenero chimodzi chakalekale, koma ine mfundo imeneyi siindigwira mtima, chifukwa mawu amaperepeseka m'kupita kwa zaka. M'Chijapani chakale mayi ankatchedwa "papa", ndipo lero mawuwo anasintha n'kukhala "haha". M'dziko la Georgia namo zinthu n'zotembenuka, popeza "mama" ndi bambo pamene mayi ndi "deda", zomwe zikusonyeza kuti mtundu uliwonse unagawa wokha maphokoso a ana ake.

Pa nkhani ya katchulidwe, palibe kamodzi koyenera dziko lonse. Ife timakoka "ma" woyamba, monga timachitira ndi mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto tikamamaliza kulankhula, pamene Afalansa amati "maman" ndipo amamalizira m'mphuno. Mnzanu wa ku China amakweza liwu pa "ma" woyamba osalitsitsa, wachiwiriyo n'kungomudutsa mopepuka. Pomutsanzira musamale, chifukwa m'Chimandarini "ma" wotsitsa liwu kenako n'kulikweza amatanthauza hatchi.