Kwa mphwanga amene akufuna kusenza makirediti 27

Imelo iyi yagona m'foni mwanga masiku anayi ndisanaiyankhe, ndipo si ulesi ayi. Wandilembera ndi mnyamata wa kwathu konkuno amene akuphunzira uinjiniya wa zamakina pa koleji ina ku India, chaka chachiwiri. Masamu a semesita yachiwiri anamugwetsa. Sukulu yake imalola munthu kudzisankhira maphunziro, ndiye akufunsa ngati semesita ikubwerayi asenze makirediti 27, omwe ndi malire, kuti abweze ngongoleyo kamodzin'kamodzi n'kufanana ndi anzake. Kumapeto wawonjezera kuti kunyumba sanawauze.

Mawu omalizawo ndi amene andisowetsa tulo, mphwanga. Nanenso sindinawauze.

Ine ndinapita ku India komweko zaka zoposa khumi zapitazo, kumwera, kukaphunzira zamagetsi. Dzina la sukulu tilisiye. Tsiku loyamba anatipatsa kabuku ka malamulo a maphunziro, kachikuto kobiriwira, zilembo zing'onozing'ono ngati za pa botolo la mankhwala. Ndinakatsegula, ndinaona matebulo ndi manambala, ndinakatseka. Tebulo la m'chipinda changa linkagwedera mwendo umodzi, ndiye kabuku kaja kanapeza ntchito pansi pa mwendowo. Kanakhala pamenepo miyezi khumi ndi isanu ndi itatu. Sindikuseka.

Uyenera kumvetsa mutu umene ndinapita nawo. Ife tinakula tikumva za ku Poly ndi ku Chanco kuchokera kwa akuluakulu athu akabwera ku holide: ndandanda ya maphunziro imamatidwa pa bolodi, kalasi yonse imayendera limodzi ngati ng'ombe za pangolo, ukalephera umalemba sapu, ukalepheranso umabwereza kapena amakuwida. Zowawa, koma zomveka. Mdani umamuona akubwera. Tsono ndikufika uko akundiuza kuti phunziro usankha wekha, mphunzitsi usankha wekha, ngakhale ola lolowera m'kalasi usankha wekha. Ndinangoti eee, kumwamba n'komwe kuno.

Tsiku lolembetsa maphunziro linali ngati tsiku logula feteleza wa makuponi. Aliyense ali pa kompyuta nthawi isanakwane, chala chili chire. Mipando ya aphunzitsi odziwika kuti ndi ofewa pochonga inkatha timphindi tochepa. Anyamata a m'chaka chachitatu ankayendetsa mndandanda wamseri: uyu amapereka magiredi bwino, uyu sawerenga maina, uyu umuthawe ngati mliri. Ine ndinautsatira mndandandawo ngati Baibulo. Ndinakonza sabata yanga mwaluso moti kunalibe kalasi ya 8 koloko m'mawa, ndipo Lachisanu masana ndinali mfulu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Masamu ndinawapereka kwa mphunzitsi amene aliyense ankamutama kuti savuta, ndipo zoonadi sankavuta, mpaka anafika mayeso omaliza amene ankalembedwa ofanana kwa makalasi onse. Pepala lija linali ndi Laplace, mutu wina wovuta wa masamu a uinjiniya, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinatuluka ndi F.

Ndiime kaye pa nkhani ya kirediti, chifukwa pali makolo amene amawerenga kuno ndipo ana awo amawazunguza nawo mawu amenewa. Kirediti ndi muyeso wa nthawi, basi. Ku India, kawirikawiri ola limodzi la m'kalasi pa sabata, kwa semesita yonse ya masabata pafupifupi 15, ndiye kirediti imodzi. Mu labu pamafunika maola awiri kuti ikwane imodzi. Ukaona phunziro lalembedwa 3-1-0-4, akutanthauza maola atatu ophunzitsidwa, ola limodzi lochita masamu pamodzi ndi mphunzitsi, labu palibe, makirediti anayi. Giredi iliyonse ili ndi mapointi ake. Pa muyeso umene bungwe la UGC, loyang'anira mayunivesite ku India, linapereka mu 2015, O ndi 10, A+ ndi 9, kumatsika choncho mpaka C yemwe ndi 5, P ndi 4, F ndi ziro. Amachulukitsa mapointi ndi makirediti, n'kuphatikiza zonse, n'kugawa ndi makirediti onse. Ndiye tiyese: masamu a makirediti anayi wapeza C, ndi 20. Kaphunziro kosankha ka makirediti awiri wapeza O, ndi 20. Zonse 40, kugawa ndi 6, watuluka ndi 6.67. O uja unamuvinira usiku wonse wamezedwa ndi C mmodzi. Ine masamu ophweka ngati amenewa ndinawachita mochedwa, munthu wofuna kukhala injiniya.

F uja sanandiopse poyamba. Anzanga achimwenye ankangoti ndi arrear, ena amati backlog, ndipo ankaitchula mopepuka ngati chimfine. Ulembanso, bwanawe, aliyense ali nayo. Chimene sanandiuze, kapena ananena ine osamva, n'choti masamu aja anali khomo. Phunziro la Signals and Systems silinkalola munthu amene sanakhoze masamuwo. Control Systems inkafuna Signals. Ndipo ena mwa maphunzirowa ankaperekedwa kamodzi pa chaka. Zonsezi zinalembedwa bwinobwino, ndi mivi yolozera, m'kabuku kamene kanali pansi pa mwendo wa tebulo.

Ndiye ndinachita ndendende zimene ukufuna kuchitazi. Ndinasenza mpaka malire. Masamu obwereza, maphunziro onse a semesita imeneyo amene kompyuta inandilola, ma labu atatu, ndi kena kosankha kodzazira. Mwezi woyamba zinkayenda. Ndinkadzuka mdima, ndinkagona mochedwa, ndinkadzimva ngati munthu wolapa. Kenako mayeso apakati anabwera motsatizana, malipoti a labu anaunjikana, kunja kukutentha kopitirira madigiri 40, kutentha koti ngakhale wa ku Nsanje angapemphe madzi. Pamwamba pa zonsezo ndinadwala dengue, matenda a udzudzu a kumeneko, ndinagona masabata awiri. Lamulo la 75 peresenti ulidziwa: ukapanda kupezeka m'kalasi kokwanira, mayeso omaliza sulemba, kaya ndiwe wanzeru chotani. Kalata ya dokotala inandipulumutsa m'maphunziro ena, koma mu limodzi ndinali nditajombako kale kuti ndimalize malipoti a lina. Anandiletsa kulemba. Lina ndinalemba n'kugwa. Masamu ndinakhoza ndi P, wokwawa. Ndinalowa semesita ija ndi ngongole imodzi, ndinatuluka ndi ziwiri.

Zakudya nazo zinali ndi mbali yake, ngakhale sindingazinamizire. Mpunga m'mawa, mpunga masana, tsabola paliponse. Ndinadzapulumuka mnzanga wina wa ku Karnataka atanditengera kwawo n'kundipatsa ragi mudde, chimene ndi nsima ya mawere yeniyeni, yakuda bii, youmbidwa ngati mpira. Iwo amameza osatafuna. Ndinatsala pang'ono kulira m'nyumba ya eni. Ukapeza mpata ukaifune, m'mimba mukakhazikika mutu umagwira.

Tsopano ndinene maganizo anga, ndipo ena adana nawo. Poyamba ndimafuna kulemba kuti dongosololi ndi labwino koma lili ndi zovuta zina, mwaulemu choncho. Ayi. Dongosololi ndi labwino, koma mawu amene amaligulitsira ndi abodza. Amati ndi lomasuka, lopindika, lotsata zofuna za wophunzira. Tawerenga manambala. Mu 2018 bungwe la AICTE, loyang'anira maphunziro a zaluso ku India, linatulutsa chitsanzo cha digiri ya uinjiniya ya zaka zinayi ya makirediti 160. M'menemo 25 ndi a sayansi yoyambira monga masamu ndi fizikisi, 24 ndi a maziko a uinjiniya, 48 ndi a phata la nthambi yako, 15 ndi a pulojekiti ndi kukaphunzira ntchito kumakampani, 12 ndi a chiyankhulo, kayendetsedwe ka ntchito ndi zotero. Zosankha zenizeni ndi 18 za m'nthambi yako ndi 18 za kunja kwa nthambi. Ndiye 36 pa 160. Zotsalazo ndi makwerero, ndipo makwerero sayamba ndi sitepe yachitatu. Sungapange shafiti usanadziwe mphamvu ya zitsulo, sungadziwe mphamvu ya zitsulo usanadziwe masamu ake. Palibe lamulo la sukulu limene lingapinde zimenezo. Ufulu umene ulipo ndi wosankha nthawi ndi dongosolo lokwerera, ndipo ufulu woterowo umapindulira amene akudziwa kale njira: mwana amene bambo ake ndi injiniya, amene mkulu wake anadutsa pa sukulu yomweyo. Mwana wochokera ku Ntchisi amene ndi woyamba m'banja lonse kuona khomo la yunivesite amangopatsidwa chingwe chachitali n'kuuzidwa kuti ndi mfulu.

Alangizi analipo, ndisaname. Wanga anali ndi ophunzira ambirimbiri, ndipo kundilangiza kwake kunali kusaina pepala akuyankhula pa foni. Tsiku limene ndinamubweretsera katundu wanga wa makirediti odzaza aja, atangoyang'ana n'kundifunsa funso limodzi lokha, bwenzi nkhani ino kulibe. Komabe nanenso sindinamufunse kanthu. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndikulimvabe m'kamwa.

Sindikunena kuti tibwerere ku zakale. Kubwereza chaka chonse chifukwa cha phunziro limodzi ndi nkhanza, ndipo ndikudziwa anthu anzeru amene anathera panjira motero. M'dongosolo la makirediti zimene wakhoza ndi zako, palibe amene angakulande. Yunivesite ya VIT ku Vellore inatchuka ndi dongosolo lake la makirediti lodzisankhira maphunziro lotchedwa FFCS, ndipo masukulu ambiri atsatira njira yofanana. Masiku ano ena amalola kuti maphunziro a pa intaneti a NPTEL, ophunzitsidwa ndi aphunzitsi a ma IIT, masukulu otchuka a uinjiniya a boma la India, awerengedwe pa digiri yako. Wamphamvu akhoza kuwonjezera makirediti pafupifupi 20 n'kutuluka ndi digiri yapamwambako yotchedwa Honours kapena kanthambi kachiwiri. Zabwino zedi. Koma zimenezo ndi za munthu amene sitepe zake zapansi zili zolimba.

Zoseketsa, msuweni wanga amene anaphunzira ku Johannesburg ankandinyoza kuti digiri yake ndi ya makirediti opitirira 560 pomwe yanga sinafike ngakhale 200, ndiye iye ndi injiniya katatu. Ku South Africa kirediti imodzi ndi maola khumi a ntchito yonse, kuphatikizapo kuwerenga pawekha. M'maiko ambiri a ku Ulaya chaka chimodzi ndi makirediti 60. Ndalama zosiyana, kwacha ndi randi. Chimene chimayang'anidwa ukamafuna ntchito kunja kapena pobwera kuno kudzaonetsa mapepala ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi, si kuchuluka kwa manambalawo koma ngati sukulu ndi pulogalamu yako zili zovomerezeka. India inalowa mokwanira mu Washington Accord, mgwirizano wa maiko ovomerezana madigiri a uinjiniya, mu 2014 kudzera ku NBA, bungwe lake lovomereza mapulogalamu a maphunziro, koma si pulogalamu iliyonse ya m'dzikomo imene ili m'gulu limenelo. Ukafufuze yako, ngakhale si zimene wandifunsa.

Nanga uchite chiyani?

Usasenze 27. Chotsa kabuku kako kulikonse kumene wakaika, upeze tsamba la ma prerequisite, loonetsa phunziro limene uyenera kukhoza usanalowe lina, ujambule pa pepala maphunziro onse amene akudikira masamu amenewo ndi semesita imene lililonse limaperekedwa. Masamuwo uwalembetse tsopano, kwa mphunzitsi amene anthu amamuthawa chifukwa chopereka ntchito yambiri, ngakhale kalasi yake ikhale ya 8 koloko. Pamwamba pake uike maphunziro a phata okhaokha, ndipo katundu yense asapitirire amene unkanyamula kale. Chosankha chimodzi uchikankhire kutsogolo, sichithawa, ndipo ngati sukulu yako ili ndi semesita yaifupi ya pa holide ukachitolere kumeneko. Uonenso zinthu ziwiri m'kabukuko: makirediti amene amafunika kuti ulowe chaka chachitatu, ndi tsiku lomaliza lololedwa kusiya phunziro popanda kulembedwa F.

Za kunyumba ndiye zovuta. Ine ndinamaliza mochedwa ndi semesita yathunthu. Thandizo la fizi limene ndinali nalo linali la zaka zinayi, osati zinayi ndi theka, ndipo chitupa chokhalira m'dzikomo chinafunika kuwonjezera masiku ku FRRO, ofesi yoona za alendo ochokera kunja. Bambo anamva zonsezi kwa nthawi yoyamba patatsala milungu itatu kuti ndalama ifunike. Ndinaimba usiku, mawu akunjenjemera, ndinayamba ndi kufunsa za mvula. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Atatero anangofunsa kuti, "Unadziwa liti?" Ndinawauza zoona, kuti papita zaka ziwiri. Foni inakhala zii mpaka ndinayesa yaduka. Kenako anati akanadziwa nthawi imeneyo bwenzi atasunga pang'onopang'ono pa fodya wa zaka ziwirizo, koma tsopano agulitsa ng'ombe, ndipo ogula akaona kuti munthu uli pa changu amakudyera masuku pamutu. Anagulitsa ziwiri. Imodzi inali ya bere.

Za F sanandikalipire n'komwe, mpaka lero sanaitchulepo. Iwe ngongole yako ikadali imodzi, ndipo mwina sidzafika pa ng'ombe. Aimbire Lamlungu likubwerali akatuluka ku tchalitchi, uwauze kuti masamu anakugwetsa ndipo ukuwabwereza. Ukatha unditumizire chithunzi cha tsamba la ma prerequisite lija, tikaliyang'ane limodzi tsiku lolembetsa lisanafike.